Manja a Akazi Anga Ndinawapatsa Bambo wa M'buku

Aphungu,

Kalatayi ndakhala ndikulemba n'kung'amba, kulemba n'kung'amba, kwa milungu itatu. Lero ndati ngakhale ituluke yokhota ndiitumiza basi, chifukwa m'nyumba mwanga mwazizira ndipo woziziritsa ndine ndemwe.

Ndine bambo wa zaka 38. Ntchito yanga ndi yojambula zithunzi za m'mabuku a ana asukulu, ndipo ndimagwirira kunyumba, patebulo la pafupi ndi windo la pabalaza. Akazi anga ndi makaniko. Amagwira pagalaja ina yaikulu, ndipo mwa amakaniko asanu ndi awiri a pamenepo, wamkazi ndi iwo okha. Tili ndi mwana mmodzi, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Popeza wokhala pakhomo ndine, kuphika, kuchapa, kusesa ndi kukatenga mwana kusukulu ndi ntchito zanga. Sitinakhalepo pansi n'kugawana, zinangoyenda choncho, ndipo kwa zaka khumi sitinakanganepo pa zimenezi.

Chaka chatha kampani ina yosindikiza mabuku inandipatsa ntchito ya buku la ana ongoyamba kuwerenga. Mwina simudziwa mmene timagwirira. Wojambula salemba mawu. Amatipatsa masamba olembedwa kale, lililonse lili ndi chiganizo chimodzi m'munsi ndi bokosi lopanda kanthu pamwamba, ife n'kudzazamo chithunzi. Tsamba lina linali ndi chiganizo chakuti, "Abambo akukonza galimoto." Loyang'anizana nalo linkati, "Amayi akusesa pakhomo."

Ine sindijambula za m'mutu. Ndimayamba ndatola munthu weniweni pafoni ali pa ntchito yake, makamaka manja, chifukwa manja ndi amene amavuta. Mukaona chithunzi cha munthu atapisa manja m'thumba, dziwani kuti wojambulayo anathawa ntchito. Ndiye nditawerenga za galimotozo ndinaseka ndekha. Ndinati makaniko ndili naye m'nyumba, ndikafunenso wina kuti? Mawu amodzi okhawo akuti "abambo" ndinaganiza kuti ndikakawauza asintha, si nkhani. Ndinawauza akazi anga kuti alowa m'buku.

Aphungu, sindinawaonepo atasangalala choncho. Loweruka lotsatira tinapita kugalaja kwawo, abwana awo anatilola kugwiritsa ntchito galimoto ina yomwe inali yotsegula boneti. Nditawauza kuti asambeko m'manja anandiyankha kuti, "Mukufuna manja a makaniko kapena a mkwatibwi?" Ndinawatola choncho, girisi ali m'zikhadabo, sipanala ili kumanja, dzanja lamanzere litagwira payipi. Kachala kakang'ono ka dzanja lamanzerelo ndi kokhota, kanaphwanyidwa ndi jeke akuphunzira ntchito, ndipo ndinakajambula mmene kalili. Anzawo a pagalaja anatizungulira akuseka, akuti, "Alamu, ifenso mutiikemo, ngakhale pachikuto chakumbuyo." Akazi anga anauza aliyense, makasitomala, achemwali awo, ngakhale mayi wogulitsa sopo pageti. Mwana wathu nayenso anauza kalasi yonse kuti amayi ake adzakhala m'buku akukonza galimoto.

Nditapita nacho chithunzicho kuofesi, mkonzi wa bukulo, bambo wachikulire waulemu wake, anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Manja awa ndi amoyo. Koma mutuwu sinthani." Ndinawauza kuti ameneyo ndi mkazi wanga ndipo ndi makaniko weniweni. Iwo anati, "Sindikukana, achimwene. Koma bukuli likupita kwa ana onse, osati a m'nyumba mwanu mokha. Mphunzitsi ana amuchulukira, alibe nthawi yofotokoza chifukwa chimene mayi wazyolikira m'boneti. Komanso chiganizochi chinavomerezedwa kale, kuchisintha ndiye kuti tibwererenso kukomiti." Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinalimbana nawo, koma sindinathe ngakhale mphindi ziwiri. Ndinangoti chabwino bwana.

Nditafika kunyumba ndinadula kapepala, n'kujambulapo mutu wa mwamuna, n'kumata pamwamba pa mutu wa akazi anga. Mapewa ndinawakulitsa pang'ono. Manja sindinawakhudze, poti ndi amene anayamikiridwa. Ndiye panatsala tsamba la mayi wosesa lija. Masiku anali atandithera, ndipo nkhope ya akazi anga ndinali nditaizolowera kale m'dzanja, choncho ndinangoikopera pa mayi wa tsacheyo. Kwa miyezi isanu ndi itatu sindinanene kanthu. Akandifunsa kuti, "Buku lathu lija lili pati?" ndinkati likadali kosindikiza.

Tsiku limene mabukuwo anagawidwa kusukulu, ndinapita kukatenga mwana monga mwa masiku onse. Anakana kundigwira dzanja. Njira yonse anayenda patsogolo panga, buku atalikumbatira pachifuwa. Ndinadzamva pambuyo pake kuti anzake anamuwowoza kuti ndi wabodza. Amayi ake ataweruka, asanatule n'chikwama chomwe, mwanayo anatsegula bukulo patebulo langa lija. Akazi anga anayang'ana, kenako anaika dzanja lawo lamanzere pambali pa chithunzicho. Anati, "Chala ichi ndi changa." Atayang'ana tsamba linalo anati, "Nkhope iyinso ndi yanga." Mwana anati, "Adadi anakudulani pakati."

Amayi ake anamuuza mwanayo kuti akavule yunifolomu. Atatuluka, anandilozera bambo wa m'chithunziyo n'kufunsa kuti, "Nanga awa ndi ndani?" Ndinati si munthu aliyense, ndinangojambula za m'mutu. Iwo anati, "Inu simujambula za m'mutu. Pitani pagalasi." Aphungu, ndinali ine. Chipumi changa, makutu anga, ngakhale mpata wa m'mano mwangamu. Ndikulumbira kuti pojambula sindinazindikire. Ine amene sinditha n'kusintha tayala komwe, ndili m'buku la ana ndikukonza injini ndi manja a akazi anga.

Pali china chimene sindinauzepo munthu. Ndili ndi achimwene anga awiri. Tikakumana kwa makolo, kwa akazi anga amati, "Alamu, galimoto yanga ikugogoda, tamvetserani," kwa ine n'kuti, "Iwe mayi wa pakhomo, tateleka tiyi." Ndimaseka nawo, koma zimandidya m'kati. Tsiku limene mkonzi ananena kuti mutu usinthe, ndinakhumudwa ndithu, koma penapake mumtimamu ndinamva kupepukidwa. Zimenezi ndikuchita nazo manyazi kuposa zina zonse.

Akazi anga sanakalipe. Anangoti, "Mukanandiuza tsiku lomwelo, ndikanakhumudwa tsiku limodzi. Koma mwandisiya ndikudzitama miyezi isanu ndi itatu." Kuyambira pamenepo ovolosi amaisiya kuntchito. Amasambira komweko n'kubwera ndi manja oyera. Kale ankafika ndi nkhani, za injini yomwe yawavutitsa, za kasitomala amene anakana kuti mzimayi agwire galimoto yake kenako n'kubwera kudzapepesa. Pano amangoti, "Mwaswera bwanji, bambo?" ngati akupatsa moni alendo. Ndinamva kwa achemwali awo kuti kugalaja wina anatenga tsache n'kuliyedzamiritsa pa bokosi lawo la zitsulo, anthu n'kuseka. Akazi angawo sanandiuze. Ndipo mlungu watha mwana anapatsidwa ntchito yolemba zimene amayi ake amachita. Analemba kuti amasesa. Nditamufunsa chifukwa chake anati, "Ndi zimene zili m'buku, aphunzitsi achonga."

Ndapepesa kawiri. Kawiri konse ayankha kuti zinatha, koma ndikudziwa kuti sizinathe. Tsopano mkonzi uja waimbanso foni. Pali buku lachiwiri, ndipo muli tsamba la bambo akuwotcherera zitsulo. Akuti, "Mutipatse manja ngati aja." Akufuna yankho mwezi uno usanathe.

Ndithandizeni, Aphungu. Ndikane ntchitoyi? Ndiwapemphenso akazi anga manja awo? Nanga ndipepese motani kuti andimve? Ndimawakonda mayi amenewa, ndipo ndili ndi mantha kuti tsiku lina ndidzabwera kuchokera kotenga mwana n'kupeza chikwama chawo ndi zovala zawo palibe.

Ine wanu wosweka mtima,
L.D.M., kuseri kwa msika

Bambo L.D.M.,

Zikomo chifukwa simunadzibise. Amuna ambiri akandilembera nkhani ngati iyi amathera pa mkonzi, za galasi ndi za achimwene sazitchula. Inu mwazitchula, ndipo n'chifukwa chake ndikukhulupirira kuti banja lanu lingathe kupulumuka. Koma musayembekeze kuti ndikusisitani.

Tiyambe tamuchotsa mkonziyo panjira. Iye anakupemphani chinthu chimodzi chokha, kusintha mutu. Analakwa, ndipo tibwererako. Koma sanakuuzeni kuti muike nkhope ya akazi anu pa tsache. Sanakuuzeni kuti pa mapewa awo muikepo mutu wanu. Sanakuuzeninso kuti muname miyezi isanu ndi itatu munthu akudzitama kwa anzake. Zitatuzi ndi zanu, ndipo ndi zimene zaziziritsa nyumba. Mayiwa anakuuzani kale pamene pali bala pomwe ananena kuti mukanawauza. Inu mukupepesa za chithunzi, iwo akulira za bodza.

Ndikufunanso muone chinthu chimene mwachidumpha m'kalata yanu yomwe. Kodi wosesa pakhomo panu ndani? Ndinu. Kusesa si chipongwe, ndipo mwana wanu wakula woyera ndi wokhuta chifukwa cha ntchito imeneyo. Koma mutapatsidwa bokosi lopanda kanthu, munachita manyazi kupempha kuti mujambule bambo atagwira tsache, ngakhale bamboyo mumamuona tsiku lililonse. Ndiye m'bukumo simunafufute akazi anu okha, munadzifufutanso nokha. Achimwene anu aja sanali m'chipindamo, koma pensulo anakugwirirani ndi iwo.

Za mabukuwa musazitenge mopepuka. Inenso ndinaphunzira kuwerenga ndi masamba oterewa, mayi ali ndi tsache kapena ndowa, bambo ali ndi nyuzipepala kapena chiwongolero, ife n'kumabwereza mokweza kalasi yonse mpaka kuloweza. Mwana satsutsana ndi buku. Wanuyo waona girisi m'manja mwa amayi ake kuyambira ali kumsana, koma tsamba limodzi lamugonjetsa m'milungu yowerengeka. Ngati zatheka kwa mwana wa makaniko, ganizirani mtsikana amene sanaonepo mzimayi atagwira sipanala. Ntchito yanu si yodzaza mabokosi chabe, bambo. Ana amakhulupirira zimene mwajambula asanathe n'komwe kuwerenga chiganizo cha m'munsi.

Tsopano chochita. Siyani "pepani" wopanda kanthu uja, wakwana. Pezani nthawi imene mwana kulibe, muwapemphe akazi anu kuti akumvereni osayankha. Muwauze zonse m'ndondomeko mmene mwandiuzira ine, kuyambira mphindi ziwiri za mu ofesi zija mpaka kupepukidwa kumene munamva mumtima. Inde, ngakhale kumeneko. Ndi kumene mukuopa kwambiri kunena, komanso ndi kumene iwo anakuona kale pankhope ya bambo wa m'buku uja. Akudikira kuti aone ngati mungakutchule ndi pakamwa panu. Musapite ndi mphatso, ndipo chonde musawajambulire chithunzi chatsopano chokongola kuti muwafewetse mtima. Mukatha kulankhula musafunse ngati akukhululukirani. Akakalipa, khalani pomwepo mumve, chifukwa kukalipako kuli bwino kuposa ulemu wa alendo umene mukulandira panowu.

Chithunzi choyamba chija ndikhulupirira mukadali nacho, ndipo pansi pa kapepala munamata paja mutu wawo ukadalipo. Chiperekeni m'manja mwawo. Kaya amatula kapepalako, kaya achisunga, kaya aching'amba, ndi chawo.

Kenako mwana. Mtsikanayu ananena zoona ndipo anatchedwa wabodza chifukwa cha inu. Mukhale naye pansi mumuuze mawu osavuta: sunaname iwe, ndinanama ndine, amayi ako ndi makaniko ndipo wosesa pano ndine. Ngati amayi ake alola, pitani mukaonane ndi mphunzitsi wake mumufotokozere. Aphunzitsi ambiri sakana kuuza kalasi kuti mnzawo sananame. Koma ndati ngati alola. Chimodzimodzi kugalaja. Mwina mtima ukukuuzani kuti mupite mukakalipire wa tsache uja. Musayerekeze musanawafunse. Mayi amene wapirira yekha pakati pa amuna asanu ndi mmodzi zaka zonsezi sakusowa womulankhulira, ndipo mutha kungowawonjezera choseketsa china.

Achimwene anu ndiye ndi ntchito yanu nokha, imeneyo musapemphe chilolezo kwa munthu. Akadzanenanso za tiyi, musaseke. Muwauze kamodzi, mofatsa, akazi anu akumva, kuti inde mumaphika ndipo mumasesa, ndipo nthabwala imeneyi yatha. Adzati mwayamba kukula mtima. Asiyeni anene, adzatopa.

Tibwerere kwa mkonzi. Sindikuuzani kuti mukane ntchito, chifukwa mukachoka inu abweretsa wina amene sadzafunsa n'komwe. Ngati chiganizo chikuti bambo akuwotcherera zitsulo, pitani mukapeze bambo wowotcherera weniweni, mumupemphe, mumujambule manja ake ndi mutu wake womwe. Amenewo alipo ambiri. Koma musakangolandira masamba n'kuti chabwino bwana ngati kale. Muwerenge buku lonse musanavomere, muwerengetse kuti amayi akuchita chiyani ndipo abambo akuchita chiyani, kenako mulembe kalata yopempha kuti masamba angapo asinthe, komanso kuti tsamba la galimoto lija lidzakonzedwe posindikizanso. Ipite molemba, isathere pakamwa. Komiti imene mkonzi akuopayo ndi anthu, ena mwa iwo ali ndi ana aakazi, ndipo n'kutheka kuti palibe anawafunsapo. Sindikunamizani, atha kukana, athanso kuyamba kukuonani ngati wovuta. Koma nthawi yapita ija munagonja musanayese, ndipo mtengo wake mukuuona pakhomo panu. Dzina ndi nkhope ya akazi anu musazitchule m'kalatamo pokhapokha iwo atavomera.

Mwafunsa ngati mungawapemphenso manja awo. Ayi, osati panopa, ndipo osati kuti mukawaike pa mwamuna wina. Tsiku lina iwo eni akadzafuna kulowa m'buku, adzanena, ndipo adzalowa athunthu.

Chenjezo langa ndi ili. Mwezi ukamatha, mkonzi adzayamba kuimba foni kawirikawiri, wowotcherera uja mwina adzakhala asanapezeke, ndipo mudzakumbukira kuti manja a akazi anu mumawadziwa pamtima. Mutha kuwajambula osawayang'ana, n'kuwongola kachala kaja kuti asadziwike. Mkonzi adzayamikira, aphunzitsi sadzaona kanthu. Koma mwini wake adzawazindikira, ndipo ulendo umenewo sadzakufunsani funso lililonse. Zimene mukuopa zija zidzachitika mwakachetechete, inu muli kusukulu kotenga mwana.

Pitani mukalankhule nawo mlungu uno, mkonzi adikire.

Aphungu